Kanjoka kakuda kotuluka mvula ikagwa: chifukwa chake simuyenera kukatola ndi manja

Mvula yoyamba ikagwa, nthaka imafewa ndipo zamoyo zimene zinabisala chilimwe chonse zimayamba kutuluka. Ngumbi zimauluka, achule amalira m'madambo, ndipo pakhonde, m'njira kapena m'munda mumayamba kuoneka tinjoka takuda, tonyezimira ngati tadzola mafuta. Tina timatalika ngati cholembera, tina ngati mkono wa mwana. Kumutu ndi kumchira kumaoneka chimodzimodzi, maso ndi ovuta kuwaona, ndipo sitithamangitsa munthu.

Ambiri tinakula tikumva kuti njoka zotere siziluma. Mawuwa ali ndi choonadi chake, chifukwa zambiri mwa izo zilibedi ululu. Koma pakati pa njoka zimenezi pali imodzi imene ululu wake umawoletsa mnofu mpaka munthu kuduka chala. Imapezeka kuno ku Malawi, imatuluka nyengo ino, ndipo mankhwala othana ndi ululu wa njoka amene ali m'zipatala sagwira ntchito pa iyo. Ngakhale akatswiri a njoka inawasokoneza kwa zaka zoposa 100 asanadziwe gulu lake lenileni. Mbiri ya kusokonezeka kumeneko ndi imene ingakuthandizeni kumvetsa zoyenera kuchita inuyo kapena mwana wanu mukakumana nayo.

Njoka zokhala pansi pa nthaka si mtundu umodzi

Padziko lonse pali mitundu ya njoka yoposa 4,000. Akatswiri amaziika m'mabanja potengera mafupa a m'mutu, mano, mamba a pakhungu, ndiponso masiku ano poyeza DNA. Njoka zokhala pansi pa nthaka zimachokera m'mabanja osiyanasiyana, koma moyo wa m'nthaka unaziumba mofanana. Kuti njoka iyende bwino m'dothi imafunika mutu wolimba wopanda khosi looneka, thupi lozungulira losalala, mchira waufupi ndi maso aang'ono. N'chifukwa chake njoka zimene sizili pachibale n'komwe zimaoneka ngati za mimba imodzi.

Gulu loyamba ndi la njoka zimene ambiri amati za mitu iwiri, ena amati nthongo. Banja lake limatchedwa Typhlopidae ndipo lili ndi mitundu yoposa 250 m'madera otentha a dziko lapansi. Mutu wake ndi umodzi, kungoti mchira ndi wobuntha ngati mutuwo. Maso ake ndi timadontho takuda tobisika pansi pa mamba, kamwa ndi laling'ono ndipo lili kunsi kwa mutu. Zimadya chiswe, nyerere ndi mazira ake, n'chifukwa chake zimakonda pachulu. Zilibe ululu. Mukazigwira zimakubayani ndi kaminga ka kumchira, koma kamingako kalibe poizoni.

Gulu lachiwiri ndi la tinjoka towonda ngati ulusi, ta banja la Leptotyphlopidae. Anthu ambiri amatiyesa nyongolotsi. Natonso tilibe ululu.

Gulu lachitatu ndi la njoka zimene zili ndi ululu wochepa wophera zakudya zake, monga za mtundu wa Aparallactus zimene zimadya anankalizi, ndi za mtundu wa Amblyodipsas zimene khungu lake lakuda limanyezimira mofiirira padzuwa. Izi kawirikawiri siziika moyo wa munthu pachiswe. Palinso kanjoka kena kakuda kosaluma, Lycophidion capense, kamene kamadya abuluzi ndipo kamayenda usiku.

Kenako pali Atractaspis.

Njoka imene muyenera kuidziwa

Mtundu wa Atractaspis uli ndi njoka zoposa 20 zosiyanasiyana, zopezeka mu Africa ndi ku Middle East. Zina zimakhala m'nkhalango zowirira za mvula yambiri, zina m'madera ouma. Imene imapezeka kwathu kuno, komanso ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa, ndi Atractaspis bibronii. Pa Chingerezi amaitcha stiletto snake, dzina lochokera ku kampeni kowonda kobayira.

Nthawi zambiri imatalika masentimita 30 mpaka 40, ngakhale zina zimafika pafupifupi 70. Kumsana imakhala yakuda kapena yoderapo, pamimba ina imakhala yakuda, ina yoyererako. Imakhala pansi pa miyala, pansi pa zipika zowola ndi m'zulu zakale. Imatuluka usiku kukamatentha, makamaka mvula ikangogwa kumene. Imadya abuluzi, njoka zinzake za m'nthaka ndi tiana ta mbewa timene imatipeza kuuna.

Chimene chimaisiyanitsa ndi njoka zina ndi kalumidwe kake. Mphiri ikafuna kuluma imayasamula kukamwa n'kugwetsera mano ake kutsogolo. Njoka iyi, poti imasaka m'mauna opanikiza momwe mulibe malo oyasamulira, imatulutsa dzino limodzi lalitali m'mbali mwa kamwa, kamwalo lili pafupifupi chitsekere, n'kubaya chammbali ndi chakumbuyo. Ndiye kuti njira imene anthu amagwirira njoka, yoitsina kuseri kwa mutu, pa iyi ndi imene imapereka chala chanu ku dzino lake. Palibe kagwiridwe ka manja kotetezeka pa njoka imeneyi, ngakhale kwa munthu amene wagwira njoka moyo wake wonse.

Bungwe la African Snakebite Institute la ku South Africa limaika njokayi pakati pa zitatu zimene zimavulaza anthu kwambiri kummwera kwa Africa, pamodzi ndi mphiri ndi njoka yolavulira m'maso ya Mozambique spitting cobra. Anthu ambiri amene imawaluma amakhala kuti anaitola poiyesa yosaluma, kapena anaiponda usiku osavala nsapato.

Momwe akatswiri anaisokonezera

Amene anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi ndi Andrew Smith, dokotala wa ku Scotland amene anagwira ntchito ku South Africa, m'chaka cha 1849. Anaipatsa dzina lokumbukira katswiri wina wa ku France, Gabriel Bibron. Poona mano ake aatali obowoka mkati, akatswiri a nthawi imeneyo anaiika m'banja la mphiri, la Viperidae. Mayina ake akale a Chingerezi, mole viper ndi burrowing adder, onse amatanthauza mphiri yokumba pansi.

M'zaka za m'ma 1960, katswiri wina wamkazi, Monique Bourgeois, atafufuza mafupa a m'mutu mwa njoka za pakati pa Africa, anasonyeza kuti njokayi si mphiri. Abale ake enieni ndi tinjoka todya anankalizi tija. Mano aatali aja anakula paokha, osati kuchokera kwa kholo limodzi ndi mphiri. Kuyeza DNA m'zaka zotsatira kunatsimikiza zimenezi, ndipo kunaonetsanso kuti njokayi ili pafupi ndi gulu la mamba kusiyana ndi la mphiri. Lero akatswiri ena amaiika m'banja lakelake la Atractaspididae, ena amati ndi nthambi ya banja lalikulu la Lamprophiidae.

Njoka za mitu iwiri nazonso zasinthidwa mayina kangapo. Yaikulu ya m'chigwa cha Zambezi, imene imapezekanso ku Malawi, inakhalapo m'gulu la Rhinotyphlops, mu 2009 inasamutsidwira ku Megatyphlops, ndipo mu 2014 inaikidwa ku Afrotyphlops.

Ntchitoyi sinathe. Mu 2019, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Mark-Oliver Rödel wa ku Berlin linalengeza mtundu watsopano, Atractaspis branchi, umene unapezeka m'nkhalango za ku Liberia ndi Guinea. Anaupatsa dzina la Bill Branch, katswiri wa njoka wa ku South Africa amene anamwalira mu 2018. Njoka za m'nthaka sizioneka kawirikawiri, choncho zimachedwa kudziwika. Ngati anthu okhala ndi zipangizo zoyezera akupezabe mitundu yatsopano, munthu woyang'ana ndi tochi ya pafoni usiku asadzinamize kuti waizindikira.

Mayina amenewa akukhudzana bwanji ndi chipatala?

Mwina mukufunsa kuti mayina a Chilatini ali ndi phindu lanji kwa mlimi amene walumidwa. Yankho lili pa kapangidwe ka mankhwala othana ndi ululu wa njoka, amene madokotala amati antivenom.

Mankhwalawa amapangidwa pobaya hatchi ululu wochepa wa njoka mobwerezabwereza mpaka thupi lake litapanga chitetezo. Kenako amatenga magazi a hatchiyo n'kupatula chitetezocho. Njirayi inayamba m'zaka za m'ma 1890 ndi wasayansi wa ku France, Albert Calmette, ndipo maziko ake sanasinthe. Chitetezo chimene hatchi yapanga chimagwira ululu wa njoka zimene inabayidwa nazo ndi za pachibale chapafupi basi. Antivenom si mankhwala a njoka iliyonse.

Chitsanzo ndi antivenom wodziwika kwambiri m'chigawo chino, wopangidwa ndi South African Vaccine Producers ku Johannesburg. Amapangidwa ndi ululu wa njoka 10: mphiri, mphiri yaikulu ya m'nkhalango yotchedwa Gaboon adder, mitundu itatu ya mamba, mitundu inayi ya cobra, ndi rinkhals. Atractaspis mulibe. Njoka ya m'mitengo ya boomslang ili ndi antivenom wakewake wosiyana.

Ikanakhala kuti Atractaspis ndi mphiri yeniyeni, monga ankaganizira kale, bwenzi pali chiyembekezo choti antivenom wa mphiri angathandizeko. Koma ululu wake ndi wamtundu wina. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri ofufuza Atractaspis engaddensis ya ku Israel anapeza poizoni wotchedwa sarafotoxin, amene amafinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo yodyetsa mtima. Poizoniyu amafanana kwambiri ndi endothelin, chinthu chimene thupi la munthu limapanga lokha pofuna kuchepetsa kukula kwa mitsempha. Mu 1993 anapeza poizoni wofanana naye mu ululu wa njoka yathu ino, n'kumutcha bibrotoxin.

Ndiye kumubaya munthu antivenom wa mphiri atalumidwa ndi Atractaspis sikumuthandiza. Kumangomuika pachiswe china, chifukwa antivenom amachokera m'magazi a nyama ndipo anthu ena thupi lawo limadana naye mpaka kubanika. Kumawononganso botolo lodula limene likanapulumutsa munthu wolumidwa ndi mamba. Dokotala akakuuzani kuti m'bale wanu safunika antivenom, sikuti nthawi zonse akukumanani. Mufunseni akufotokozereni chifukwa chake.

Chimachitika n'chiyani ikakulumani?

Ululu umayamba nthawi yomweyo, ndipo amene anakumana nazo amati umaotcha ngati moto. Bala lake nthawi zambiri ndi kadontho kamodzi, chifukwa yabaya ndi dzino limodzi. Apa ndi pamene ena amanyengeka, poti anazolowera kumva kuti njoka yaululu imasiya timabala tiwiri.

Pakapita maola, malowo amatupa, ndipo kutupako kumatha kukwera kuchoka pachala kufika pamkono. Mwanabere amatuluka m'khwapa kapena m'mphechepeche. Ena amachita nseru, thukuta ndi kufooka. Pakapita tsiku limodzi kapena angapo pamatuluka matuza, nthawi zina amagazi, ndipo mnofu wozungulira balalo umatha kuda n'kuyamba kuwola. Pachala pali mnofu wochepa, n'chifukwa chake anthu ena amaduka nsonga ya chala kapena chala chonse.

Mtundu wa kwathu kuno sudziwika ndi kupha anthu, koma abale ake ena a kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East anaphapo. Ana ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa ululu womwewo umalowa m'thupi laling'ono. Ndipo kwa munthu wodalira khasu, makina osokera kapena chiwongolero cha njinga, kutaya chala chachikulu si nkhani yaing'ono ayi.

Ngakhale palibe antivenom wake, kuchipatala kuli zambiri zothandiza. Amapereka mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, amakweza mkono kapena mwendo kuti kutupa kutsike, amaona ngati magazi akufikabe kunsonga za zala, amabaya katemera wa kafumbata, amasamala bala, ndipo likayamba mafinya amapereka mankhwala opha tizilombo. Mnofu wowola amauchotsa pa nthawi yake. Chofunikanso kwambiri n'chakuti amakuyang'anirani, chifukwa mwina imene yakulumani usiku si imene mukuiganizira. Mwana wa cobra naye ndi wamng'ono, koma ululu wake ndi wa cobra ndithu.

Bwanji osangophunzira kuzisiyanitsa?

Zizindikiro zilipo. Njoka ya mitu iwiri ili ndi mamba ofanana thupi lonse, pamene Atractaspis ili ndi mamba aakulu opingasa pamimba. Kunsi kwa mchira wa Atractaspis mamba ali mumzere umodzi, pamene njoka zambiri zofanana nayo ali m'mizere iwiri. Ikaopsezedwa imakonda kupinda khosi n'kuloza mphuno pansi ngati ikufuna kukumba, kenako n'kumadzigwedeza mwadzidzidzi uku ndi uku.

Koma taonani vuto lake. Kuti muone pamimba kapena kunsi kwa mchira, muyenera kuitembenuza njokayo, ndipo kuitembenuza ndiko kulumidwa. Akatswiri enieni alumidwapo ali mkati mofufuza zizindikiro zomwezi. Choncho lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: kanjoka kalikonse kakuda kapena koderapo, kamutu wosaoneka bwino, musakagwire ndi manja, kamoyo kapena kooneka ngati kafa.

Madokotala nawonso sadalira dzina la njoka lokha. Amayang'ana zimene thupi likuonetsa, ndipo amazigawa patatu. Pali kutupa kopweteka kumene kukunka kukwera, monga zimachitira mphiri, cobra yolavula ndi Atractaspis. Pali kufooka kumene kumayamba ndi kugwa kwa zikope, kulephera kumeza ndi kubanika, monga imachitira mamba. Ndiye pali kutuluka magazi osaleka, m'nkhama, m'mphuno kapena mumkodzo, monga imachitira boomslang. Pofuna kudziwa za magazi, amaika magazi pang'ono m'kabotolo kagalasi koyera n'kudikira mphindi 20 kuti aone ngati aundana. Choncho musataye nthawi kusakasaka njoka kuti mupite nayo kuchipatala. Ngati ili poonekera ndipo muli patali bwino, ijambuleni ndi foni. Ngati yathawa, isiyeni.

Zoyenera kuchita munthu akalumidwa

Chokani pamalopo ndipo mukhazikeni mtima pansi wolumidwayo. Kuthamanga ndi mantha kumafulumizitsa ululu kuyenda m'thupi.

Vulani mphete, zibangili, wotchi, nsapato ndi chilichonse chothina pafupi ndi balalo kutupa kusanayambe. Mphete yosiyidwa pachala chotupa imatha kupha chalacho payokha.

Musalole kuti mkono kapena mwendo wolumidwawo uzigwedezeka. Ngati n'kotheka munyamuleni, asayende yekha.

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ululu ukuoneka wochepa. Kumbukirani nthawi imene walumidwa kuti mukauze adokotala.

Ngati akusanza kapena akuodzera, mugonekeni chammbali kuti masanzi asatseke njira ya mpweya, ndipo muziona kapumidwe kake m'njira monse.

Pa ululu angamwe paracetamol. Asamwe aspirin, ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa amawonjezera vuto la kutuluka magazi.

Zosayenera kuchita

Musamange mwendo kapena mkono ndi chingwe, luzi kapena mphira. Ichi ndi chizolowezi chofala kwambiri, ndipo pa njoka zowoletsa mnofu ndi choopsa koposa. Chimatsekera ululu pamalo amodzi, chimatseka magazi, ndipo chiwalo chimene chikanachira chimatha kudulidwa.

Musateme mphini pabalapo, musayamwe ndi kamwa, musaotche, musaikepo ayisi, ndipo musaboole matuza. Mwala wakuda umene ena amaika pabala sutulutsa ululu umene walowa kale m'thupi.

Musamupatse mowa.

Za kwa asing'anga tinene mosabisa. Anthu ambiri amayamba kumeneko chifukwa ndi pafupi, ndiponso chifukwa anaonapo anthu akuchira. Anachiradi, koma taganizirani: njoka zambiri za m'nthaka zilibe ululu, ndipo ngakhale njoka yaululu nthawi zina imaluma osathira ululu. Munthu wotere achira kaya wamwa mankhwala kaya ayi. Amene walowedwadi ululu ndi amene amataya maola ofunika, n'kufika kuchipatala mnofu utayamba kale kuda. Zikhulupiriro zokhudza njoka ya mitu iwiri, zoti ndi yotumidwa kapena ndi malodza, zisachedwetse ulendo wa kuchipatala.

Vuto lalikulu kuposa njoka imodzi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa ndi njoka. Mwa amenewa, pakati pa 1.8 miliyoni ndi 2.7 miliyoni amalowedwa ululu, ndipo pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira. Olumala ndi odulidwa ziwalo amachuluka pafupifupi katatu kuposa omwalirawo. Mu Africa mokha, anthu pakati pa 435,000 ndi 580,000 amafunika thandizo la kuchipatala chaka chilichonse. Ambiri ndi alimi, abusa a ziweto, amayi otola nkhuni ndi ana a kumudzi.

Mu 2017 WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha, ndipo mu 2019 inakhazikitsa ndondomeko yofuna kuchepetsa ndi theka imfa ndi kulumala pofika 2030. Tsiku la 19 Seputembala chaka chilichonse ndi lokumbutsa anthu za vutoli. Chaka cha 2030 chayandikira, ndipo pali zinthu zitatu zimene nkhani ya kanjoka aka ikutiunikira.

Choyamba ndi kusowa kwa antivenom. Kampani ya Sanofi Pasteur inasiya kupanga Fav-Afrique, amene ankadaliridwa m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo mabotolo omaliza anatha mphamvu mu 2016. Mu 2023 ku South Africa komwe kunali kusowa kwakukulu kwa antivenom. Mankhwala akakhala ochepa chotere, botolo lililonse liyenera kupita kwa amene lingamuthandizedi. Kudziwa njoka zimene antivenom sagwirapo ntchito ndi njira imodzi yosungira moyo wa wolumidwa ndi mamba.

Chachiwiri ndi maphunziro a ogwira ntchito zachipatala. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Neno n'kufalitsidwa mu 2022 anasonyeza kuti ogwira ntchito zaumoyo ambiri anali ndi mipata pa kuzindikira njoka ndi kasamalidwe ka olumidwa. Limeneli si vuto la munthu mmodzi kapena chipatala chimodzi. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi ndi amene amayamba kumuona wodwala pakati pa usiku, ndipo ndi amene akufunika zithunzi za njoka za m'dera lake pakhoma, malangizo omveka a magulu atatu aja, ndi njira yachangu yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu.

Chachitatu ndi kalembera. Zolinga za 2030 zimayezedwa ndi ziwerengero, ndipo ziwerengero zimawerenga imfa mosavuta kusiyana ndi zala zoduka. Njoka ngati Atractaspis siipha kawirikawiri, choncho n'kosavuta kuti isaoneke m'malipoti, pamene kumudzi yasiya munthu wosathanso kugwira khasu bwino. Wolumidwa amene sanapite kuchipatala salembedwa paliponse. Mukapita kuchipatala mumadzithandiza nokha, komanso mumathandiza kuti oitanitsa mankhwala adziwe kukula kwa vutoli m'dera lanu.

Kupewa nyengo ino

Njoka iyi sisaka munthu. Imaluma ikapondedwa, ikagwidwa kapena ikagoneredwa. Choncho njira zoipewera ndi zapafupi.

Potuluka usiku, ngakhale kungopita kuchimbudzi, yatsani tochi ya pafoni yanu ndipo valani nsapato. Mvula ikangogwa kumene ndi pamene muyenera kusamala kwambiri.

Pokagwira ngumbi pachulu, potola bowa, pogalauza kapena popalira, musapise dzanja m'dzenje, pansi pa mwala kapena pansi pa chipika musanaone. Gwiritsani ntchito khasu kapena ndodo. Amene ali ndi majombo avale.

Ngati mumagona pamphasa, kolekani neti ya udzudzu n'kuipisira pansi pa mphasa mbali zonse. Neti yomweyo imene imakutetezani ku malungo imatchinganso njoka zoyenda usiku.

Milu ya nkhuni, njerwa, malata akale ndi zinyalala ikhale patali ndi nyumba. Matani ming'alu ya m'zipupa ndi mpata wa kunsi kwa chitseko. Sungani chimanga motetezeka kuti makoswe asachuluke, chifukwa kumene kuli makoswe njoka zimabwerako.

Mukapeza kanjoka kotere m'nyumba, kakankhireni m'ndowa ndi tsache la mpini wautali, vindikirani, n'kukakataya kutchire. Sikofunika kupha njoka iliyonse ya m'nthaka, chifukwa zambiri zimatithandiza podya chiswe ndi tizilombo tina. Anthu ambirinso amalumidwa pa nthawi imene akulimbana ndi njoka kuti aiphe.

Pomaliza, lankhulani ndi ana. Iwo ndi amene amatola tinjoka totere poyesa nyongolotsi zokawedzera nsomba, kapena pofuna kuonetsa anzawo kuti saopa. Auzeni lero, mvula ina isanagwe, kuti kanjoka kakang'ono kakuda sakagwira, ndipo kuti akalumidwa anene msanga kwa munthu wamkulu osaopa kukalipiridwa.